Darkest Dungeon: gemu imene nkhondo yake imapambanidwa musanalowe m'phanga

Darkest Dungeon ndi gemu ya pa kompyuta imene inapangidwa ndi kampani yaing'ono yotchedwa Red Hook Studios ya mumzinda wa Vancouver ku Canada. Amene anayambitsa kampaniyi, Chris Bourassa ndi Tyler Sigman, anapempha thandizo kwa anthu pa Kickstarter, tsamba la pa intaneti losonkherapo ndalama, mu 2014, ndipo m'malo mwa madola 75,000 amene ankafuna analandira oposa 313,000. Inayamba kugulitsidwa isanamalizidwe mu Febuluwale 2015, n'kudzatuluka yathunthu pa 19 Januwale 2016. Ndi yakale ndithu, koma ndaona kuti ndi bwino kuilembera chifukwa pakati pa Amalawi amene tikukhala kuno ku Johannesburg, ambiri akamva za magemu amaganiza za mpira wa pa PlayStation kapena zowomberana za pa foni zimene zimamaliza data, pamene iyi imayenda pa laputopu yakale, siifuna intaneti mukaiika kale, ndipo imafuna mutu wodekha osati zala zothamanga.

Nkhani yake ndi yaifupi. Kholo lina la m'banja mwanu linamwaza chuma chonse pokumba pansi pa nyumba yake yaikulu kufunafuna mphamvu zobisika, ndipo zimene linafukula kumeneko zinaononga dera lonse. Inu mwaitanidwa ngati wolowa m'malo kuti mudzakonze zimene zinaonongekazo. Simugwira lupanga nokha. Ntchito yanu ndi kulemba anthu ganyu ya nkhondo, kuwagulira kamba wa pa ulendo, kuwatumiza anayianayi m'mapanga, ndi kuwasamalira akabwerako ali ovulala thupi ndi maganizo. Amene angaiyambe poganiza kuti iye ndi msilikali adzavutika nayo mpaka kuitaya; amene angazindikire msanga kuti iye ndi kapitao, woyang'anira anthu, ndalama ndi nthawi, ndiye amene adzaimve kukoma.

Nkhondo imamenyedwa mosinthanasinthana. Anthu anu anayi amaima pamzere mbali imodzi, adani amaima pamzere mbali inayo, ndipo aliyense amadikira mpata wake malinga ndi liwiro lake komanso mwayi pang'ono. Palibe wotchi imene ikukuthamangitsani, moti mukhoza kukhala mphindi zisanu mukuganizira kumenya kumodzi. Chimene chimapatsa nkhondoyi kuya ndi malo oimapo. Luso lililonse limagwira pokhapokha mwini wake ataima pamalo ena ake, ndiponso limafika pa adani a pamalo ena okha. Leper, wankhondo wakhate amene mungamulembe ganyu, amamenya mwamphamvu kwambiri, koma ayenera kukhala kutsogolo ndipo amangofikira adani awiri akutsogolo; mdani akamukankhira kumbuyo, amangotaya mpata wake poyenda kubwerera. Vestal, mayi wa mapemphero amene ndi mchiritsi wodalirika kuposa onse, amachiritsa bwino akakhala pamalo achitatu kapena achinayi. Choncho posankha gulu, funso loyamba si lakuti wamphamvu ndani, koma lakuti mzerewu ukasokonezedwa pakati pa nkhondo, ndani amene adzathebe kugwira ntchito.

Chimene chinatchukitsa gemuyi ndi nkhawa. Munthu aliyense ali ndi miyezo iwiri, wa moyo ndi wa nkhawa, ndipo wachiwiriwu ndi umene umapha ambiri. Mdima, misampha, njala, mawu oopseza a adani ndi kuona mnzake akufa zonse zimakweza nkhawa. Ikafika pa 100, mtima wa munthuyo umayesedwa. Kawirikawiri amasweka: wina amayamba mantha, wina kukayikira anzake, wina kutukwana gulu lonse, wina kukana kuchiritsidwa, ndipo zochita zakezo zimakwezanso nkhawa ya anzake mpaka gulu lonse kugwa motsatizana. Mwa apo ndi apo, pafupifupi kamodzi pa kanayi, munthuyo amalimba mtima m'malo mosweka n'kuyamba kulimbikitsa anzake, ndipo mphindi imeneyo ndi imodzi mwa zokoma kwambiri zimene ndinazionapo m'gemu iliyonse. Nkhawa ikafika pa 200, mtima umaima. Moyo nawo uli ndi lamulo lake: munthu akatha mphamvu zonse safa nthawi yomweyo, amakhala pa khomo la imfa, ndipo kumenyedwa kulikonse kotsatira ali ndi mwayi wa 67 pa 100 wopulumuka. Akafa wafa. Gemuyi imasunga yokha chilichonse chimene chachitika, ndiye palibe zobwerera m'mbuyo kukayesanso.

Kudziwa zimenezi kumasintha kamenyedwe konse. Woyamba kumene amathamangira chigoba chachikulu cha chishango chimene chaima kutsogolo, pamene mdani weniweni ndi kamunthu kowonda kamene kabisala kumbuyo. Ku Ruins, limodzi mwa madera amene mumatumizako anthu anu, kuli Bone Courtier amene amawaza vinyo wa m'chikho chake n'kukweza nkhawa, ndipo m'madera onse mumapezeka Cultist Acolyte amene amachita chimodzimodzi ndi matemberero. Bala la lupanga Vestal amalitseka pompo popanda kulipira kanthu, koma nkhawa imapita nanu kumudzi wa m'gemuyi umene anthu anu amapumirako, kumene kuichotsa kumadya golide ndi sabata yathunthu. N'chifukwa chake gulu lililonse liyenera kukhala ndi njira yofikira malo achitatu ndi achinayi a adani pa mpata woyamba. Mwa anthu amene mungawalembe ganyu, Plague Doctor ali ndi utsi umene umakomola adani awiri akumbuyo nthawi imodzi. Hellion akaima patsogolo penipeni ali ndi luso lofikira mdani wa kumapeto. Bounty Hunter amakoka wobisalayo ndi ngowe kumubweretsa kutsogolo kumene luso lake silingagwire. Kukomola mdani ndi kuchiritsa kumene kumachitika bala lisanabwere, ndipo ndimakuona kukhala kofunika kuposa mphamvu ya kumenya.

Komabe mbali imene ndimaiyamikira kwambiri ili kunja kwa nkhondo, pa sitolo ya kamba musananyamuke. Thumba la gulu lili ndi malo 16 okha, ndipo malo omwewo ndi amene mudzaikemo golide, miyala ya mtengo wapatali ndi zinthu za makolo zimene mwapita kukafuna. Aliyense amene analongedzapo katundu wokwera naye basi ya kumudzi pafupi ndi Park Station, podziwa kuti kutsogolo kuli sikelo ndiponso ulendo wautali wodutsa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete, akudziwa kale vuto lake: chilichonse chimene mwalowetsa m'chikwama chatulutsa china. Chakudya chimalowa 12 pamalo amodzi, miuni 8, mafosholo 4. Mukachepetsa chakudya, njala ikagwira gulu pakati pa njira anthu onse amataya moyo ndipo nkhawa imakwera. Mukasiya fosholo, mumakakumana ndi mulu wa miyala kapena minga yotseka njira, anthu anu n'kuyamba kufukula ndi manja, kuvulala, muuni ukutha. Mukagula zochuluka, zotsalazo zimagulidwanso pa mtengo wochepa zedi mukabwerako. Pa ulendo waufupi ndimanyamula chakudya chosachepera 8, miuni 8 ndi fosholo imodzi kapena awiri, kenako n'kuwonjezera malinga ndi dera: madzi odalitsidwa ndi makiyi ku Ruins, zitsamba ku Warrens ndi ku Cove, mabandeji, mankhwala a poizoni ndi mafosholo ochuluka ku Weald. Pa ulendo wautali gemu imakupatsani nkhuni zogonera m'njira, ndipo pamenepo muyenera kukhala ndi munthu mmodzi wodziwa kulonda usiku, monga Crusader, Vestal, Highwayman kapena Houndmaster, mutamuphunzitsa kale lusolo kumudzi, apo ayi adani akhoza kukudzidzimutsani mumdima mzere wanu utasokonekera.

Muuni nawo uli ndi masamu ake. Kuwala kumayambira pa 100 n'kumatsika mukamayenda, ndipo muuni umodzi umabwezera 25. Kukakhala pamwamba pa 75, nkhawa imakwera pang'onopang'ono, mumaona patali, ndipo n'kosavuta kudzidzimutsa adani. Kukamachepa, adani amalimba ndipo nkhawa imathamanga, koma chuma chimene mumatola chimachuluka. Gemu yonse yamangidwa pa nyambo imeneyi. Ntchito imene munatumidwa ikatha, mumaloledwa kupitiriza kuyendera zipinda zotsala, ndipo bokosi limodzi looneka patsogolo limakukokani ngakhale kuti Highwayman wanu akutaya magazi ndipo mabandeji atha. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, ndipo manda a m'kamudzi ka gemuyi amadzaza ndi anthu amene anafera chipinda chimodzi chowonjezera.

Ndiye luso lalikulu koposa ndi kudziwa nthawi yobwerera. Mukhoza kusiya ulendo pakati. Anthu anu amalandira nkhawa yowonjezera ndipo mphotho ya ntchitoyo imatayika, koma zonse zimene mwatola m'njira zimakhala zanu ndipo anthuwo amafika amoyo. Munthu amene wafika pa mlingo wachinayi kapena wachisanu wadya masabata ambiri ndi golide wochuluka kwa wosula zida ndi kumalo ophunzirira luso, ndipo akafa zonsezo zimapita naye. Ndikuona kuti apa ndi pamene opanga gemuyi anaonetsa nzeru, chifukwa magemu ambiri amaphunzitsa kuti kubwerera ndi kulephera, pamene iyi imakulipirani mukabwerera pa nthawi yake.

Kumudzi kuli ntchito ina, ndipo ili ndi mbali imene imandivutitsa mumtima. Sabata iliyonse ngolo imabweretsa anthu atsopano, ndipo kuwalemba n'kwaulere. Kuchiza nkhawa ku bala kapena kunyumba ya mapemphero kumalipiritsa, kuchotsa khalidwe loipa kuchipatala kumalipiritsa kwambiri, ndipo wochizidwayo sapita ku nkhondo sabata imeneyo. Masamu ake akusonyeza poyera kuti munthu watsopano amene wabwerako atasweka maganizo ndi bwino kungomuchotsa ntchito n'kutenga wina pa ngolo. Gemuyi siikuletsani kutero, ndipo siikudzudzulani. Ife amene tikudziwa mmene munthu wa ganyu amaonedwera m'mizinda ikuluikulu sitingachite zimenezi osamva kanthu, ndipo ndikukhulupirira kuti opanga anafuna kuti wosewera adzione yekha akusanduka bwana wotere. Pa kamangidwe ka mudzi, malangizo anga ndi akuti muyambe ndi ngolo kuti izibweretsa anthu osachepera anayi pa sabata ndiponso kuti malo ogona akule, kenako wosula zida ndi malo ophunzirira luso. Ngolo ndi wosula zida zonse zimafuna zikalata za malo, zimene zimasowa, choncho posankha ulendo muziyang'ana mphotho yake osati kufupika kwake kokha. Musadalire gulu limodzi lokondedwa. Anthu akakwera mlingo amakana kupita ku maulendo osavuta, ndipo mukadzataya awiri mwa anayi amenewo mudzapeza kuti mulibe wina wokonzeka kulowa m'malo mwawo.

Madera anayi oyamba ali ndi makhalidwe osiyana, ndipo gulu limene lapambana kwina likhoza kukagonja kwina. Ku Ruins kuli zigoba za akufa, zimene zilibe magazi oti zitaye, ndiye Houndmaster ndi Jester amafooka kumeneko pamene poizoni wa Plague Doctor ndi lupanga la Crusader zimalamulira. Ku Warrens kuli anthu a nkhumba amene poizoni sawagwira msanga koma amataya magazi mosavuta, ndipo ku Weald, nkhalango ya bowa woola, zinthu zili chimodzimodzi. Ku Cove kuli zolengedwa za m'nyanja za zikopa zolimba, ndipo poizoni ndi amene amazigonjetsa. Mabwana a adani ndi miyambi yofuna kumasulira. Hag amatola mmodzi mwa anthu anu n'kumuponya mumphika umene waima kutsogolo, iye ali kumbuyo, moti gulu losafikira kumbuyo limangomenya mphika mpaka kutha. Swine Prince ali ndi kankhumba kotchedwa Wilbur kamene kamamulozera woti amenyedwe, ndipo mukakakhudza kankhumbako iye amalusa n'kukantha gulu lonse. Mzinga wa achifwamba ku Weald suwomba popanda munthu woyatsa chingwe, ndiye mpata uliwonse woyatsayo ayenera kugwetsedwa kapena kukomoledwa. Mukamvetsa mwambi wake, nkhondo imene inkaoneka yosatheka imasanduka ntchito wamba.

Maonekedwe ake ndi zojambula pamanja za mizere yakuda yokhuthala, ntchito ya Bourassa mwiniwake, ndipo sizinakalambe. Nyimbo anapeka ndi Stuart Chatwood. Mawu a kholo lija, limene limathirira ndemanga pa chilichonse chimene mukuchita, analankhula ndi Wayne June, amene anamwalira mu Januwale 2025, ndipo popanda mawu akewo gemuyi ikanakhala theka la chimene ili.

Zofooka zilipo ndipo si zazing'ono. Choyamba ndi kutalika kwa pakati. Bwana wa adani aliyense amabwera katatu, pa milingo itatu ya kuvuta, ndipo phanga lomaliza lili ndi maulendo anayi. Pa kaseweredwe ka masiku onse munthu amene wamaliza ulendo umodzi kumeneko amakana kubwererako, kutanthauza kuti mukufunika anthu pafupifupi 16 okhwima, ndipo mukathawa m'phanga limenelo mmodzi amatsala n'kufa kuti anzake apulumuke. Kukulitsa anthu ochuluka chotero kumafuna kubwereza maulendo ofanana kambirimbiri, ndipo kwa munthu amene amachoka ku Rosettenville kapena ku Diepsloot m'bandakucha n'kubwera usiku atatopa, maola amenewo ndi ambiri. Chachiwiri n'chakuti gemuyi siifotokoza zinthu zambiri zofunika. M'mapanga muli mabokosi, maguwa, mabuku ndi mitembo zimene mukazigwira ndi manja zikhoza kukupatsani matenda, koma mukagwiritsa chida choyenera zimapereka chuma, ndipo palibe pamene mumauzidwa kuti chida chake ndi chiti. Pali ngakhale guwa lina limene mukaliyatsa ndi muuni limaitana Shambler, chilombo chimene chingathe kumaliza gulu losakonzeka. Chachitatu ndi mwayi. Mukhoza kukonzekera bwino zonse, adani n'kumenya mwamphamvu katatu motsatizana pa munthu mmodzi. Ndimavomereza kuti kukonzekera kumachepetsa ngozi zotere kwambiri, koma sikuzithetsa, ndipo amene sapirira kutaya chinthu popanda kulakwa kwake adzakwiya nayo. Chomaliza ndi chilankhulo: Chingelezi chake ndi chakale ndiponso cholemera, Chichewa mulibe, ngakhale kuti manambala ndi zizindikiro za pa luso lililonse zimamveka mukazolowera. Makolo adziwenso kuti muli magazi, zamatsenga, mowa, njuga ndi nyumba ya mahule, choncho si gemu yopatsa ana aang'ono.

Opanga anamva ena mwa madandaulowa. Mu 2017 anawonjezera kaseweredwe kotchedwa Radiant, kamene sikafewetsa adani kwenikweni koma kamafupikitsa ulendo pochepetsa mitengo ndi kufulumizitsa kukula kwa anthu. Kwa munthu wa pa ntchito, ndi pamenepa pamene ndikulangiza kuyambira, ndipo palibe chochititsa manyazi. Zina mwa malamulo ovuta, monga mitembo ya adani imene imatsala n'kutseka mzere, zikhoza kuzimitsidwa pa zosankha. Kumbali inayo kuli Stygian, kumene gemu yonse imatha mukataya anthu 12 kapena mukadutsa masabata 86 musanamalize, ndipo kumeneko n'kwa amene anaimaliza kale.

Pa kagulidwe, gemuyi imapezeka pa Steam, sitolo ya magemu ya pa intaneti, kumene mitengo imaoneka m'ma rand, komanso pa PlayStation 4, Xbox One, Nintendo Switch ndi iPad. Steam imatsitsa mitengo kwambiri chakumapeto kwa Juni, m'nyengo yozizira ya kuno, ndiponso mu Disembala, ndipo gemu ya zaka zimenezi ndi yoyenera kuidikira pa nthawi zoterozo. Ndi yaing'ono poyerekeza ndi magemu a masiku ano a magigabaiti makumimakumi, moti kuikopera pa Wi-Fi kamodzi n'kokwanira. Popeza imasunga yokha chilichonse, magetsi akazima pa load shedding simutaya zimene mwachita, ndipo ulendo waufupi umodzi umatha bwinobwino pa batire ya laputopu. Pa kompyuta ndi mausi ndi pamene imaseweredwa mosavuta, chifukwa pali zambiri zofunika kuloza ndi kuwerenga.

Zowonjezera zake zogulidwa padera musazithamangire zonse. The Shieldbreaker ya mu Okutobala 2017 imangobweretsa wankhondo mmodzi wabwino ndipo mukhoza kuiyatsa kuyambira tsiku loyamba. The Crimson Court ya mu Juni 2017 imabweretsa temberero la magazi limene limafalikira pakati pa anthu anu ndi kusokoneza dongosolo lonse la mudzi, ndipo woyamba kumene aisiye yozimitsa mpaka atadziwa bwino madera anayi aja. The Color of Madness ya mu 2018 ndi ya amene akufuna nkhondo zotsatizana zosatha. Darkest Dungeon II, imene inatuluka yathunthu mu Meyi 2023, ndi gemu ya mtundu wina, ya ulendo wa pa ngolo umene umayambiranso mukagonja, ndipo ilibe kamudzi koyang'anira sabata ndi sabata. Amene akufuna kukonzekera kwa nthawi yaitali kumene ndafotokoza pano agule yoyambayi, ayambe ndi Radiant, ndipo zikalata za malo zoyamba kuzipeza azipereke ku ngolo.